Musanagule boti logwirapo kale ntchito, funsani kaye Luangwa

Chaka chilichonse zokolola zikagulitsidwa, m'dera lathu lino mumabuka maganizo a bizinesi. Wa ku Petauke wagulitsa mtedza, soya ndi thonje. Wa ku Nyimba wapeza kangachepe pa nthochi za m'mbali mwa Great East Road. Mnyamata wa ku Sasare, kumene anthu akhala akukumba golide kuyambira nthawi ya atsamunda, wachita mwayi m'dzenje. Ambiri amathamangira njinga yamoto, chigayo kapena malata, koma masiku ano ndikumva ena akutchula boti. Akuti Luangwa ali pafupi, anthu a kutsidya amavutika kuwoloka nthawi ya dzinja, asodzi akufuna wowanyamulira nsomba, ndipo alendo okonda kuona nyama ndi kuwedza sasowa. Maganizo amenewa ndi abwino ndipo ndikuwayamikira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mtundu wa boti limene maso a anthu akugwerapo, ndiponso phuma limene akufuna kuperekera ndalama.

Boti latsopano n'lodula, choncho pafupifupi aliyense amasaka logwirapo kale ntchito. Pa foni pamafika zithunzi za maboti oyera mbee, okhala ndi kanyumba kogonamo, mawindo, mipando yawofuwofu ndi chiwongolero, aja ogulitsa amawatcha cabin cruiser. Ena ali ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, ena ku Kafue, ena agona kuseri kwa nyumba ku Lusaka kwa zaka zingapo atakwezedwa pa ngolo yake. Mtengo ukatchulidwa umamveka wofikirika, ndipo wogulitsa amawonjezera kuti pali wina akubwera mawa ndalama ili m'manja. Apa ndi pamene ndikufuna tiime. Boti likafa pakati pa mtsinje mu February, madzi amalitenga pamodzi ndi onse amene alimo. Wogula boti akugula chinthu chimene chidzanyamule miyoyo ya ana a eni ake, ndipo malonda otere safuna kuthamanga.

Choyamba kuchiyeza si boti ayi, koma madzi amene botilo lidzayendemo. Mtsinje wa Luangwa umachokera ku mapiri a Mafinga, kumpoto chakum'mawa kwa dziko lino la Zambia, n'kuyenda makilomita pafupifupi 770 mpaka kukathira mu Zambezi ku Feira, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Pa ulendo wonsewo palibe damu lalikulu lougwira, ndiye umadzaza ndi kuphwa motsatira mvula. Kuyambira January mpaka April umakhala wakuya, wofiira ndi matope, wothamanga, utasenza mitengo yathunthu imene wazula m'magombe. Ikafika September ndi October umasanduka timifuleni toyenda pakati pa mchenga, ndipo malo ena munthu amawoloka madzi akulekeza m'mawondo. Njira ya madzi akuya imene inali kuno chaka chatha, chaka chino mudzaipeza uko.

Boti la kanyumba linapangidwira nyanja. Mimba yake ndi yosongoka kuti izing'amba mafunde, ndi lolemera, ndipo ambiri otere amafuna madzi akuya pafupifupi mita imodzi injini ikatsitsidwa. Pa Kariba, pa Cahora Bassa kapena pa nyanja ya Malawi lili kwawo. Koma pa Luangwa, cha kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe, lidzagwira ntchito miyezi yowerengeka, yotsalayo lili gone pa mchenga, dzuwa la m'chigwa likuliwamba. Ngakhale malo ogona alendo a ku Mfuwe amayendetsa alendo awo pa boti nthawi imene mtsinje wadzaza yokha, ndipo amagwiritsa ntchito maboti opepuka, osamira kwambiri. Ku Feira anthu ndi katundu amawolokera ku Zumbo pa maboti aatali a faiba, aja timati banana. Anthu amenewa sanasankhe maboti otere chifukwa chosadziwa kukongola. Mtsinje ndiwo unawasankhira. Choncho musanakwere basi ya ku Lusaka, pitani pa dooko limene mukufuna kugwirirapo ntchito, mukhale pansi ndi opalasa mabwato, muwafunse miyezi imene madzi amalola, pamene pali zitsa, ndi pamene mvuu zimakonda kukhala. Safunsa anadya phula.

Tinene kuti mwafunsa ndipo mwadziwa mtundu woyenera, kaya ndi banana wa pa Luangwa, kaya ndi la kanyumba loti mukaliike ku Siavonga lizinyamula alendo. Musayambe ndi funso lakuti lili ndi zaka zingati. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, ndipo yatumikira mibadwo ya anthu a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay chifukwa yakhala ikukonzedwa ku Monkey Bay ndi kusinthidwa injini. Boti la zaka 5 losiyidwa pa mvula lingakhale lowola kuposa la zaka 25 losamalidwa. Funso loyenera ndi lakuti lasungidwa bwanji, ndipo amalikonza ndani. Mlimi wa kuno sagula ng'ombe yolimira poiona pa chithunzi. Amaiyasamula kuti aone mano, amaigwira ziboda, kenaka amaimanga pa goli aone mmene ikukokera. Boti nalo liyenera kuonedwa kawiri, lili pamtunda ndiponso likuyenda pamadzi. Wogulitsa akakana chimodzi mwa ziwirizi, tsanzikani mwaulemu muzibwerako.

Pamtunda yambani ndi mimba. Pitani masana, boti litatsukidwa ndi kuuma, mugwade muyang'ane kunsi konse kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo. Pa boti la faiba funafunani matuza otukumuka pansi pa penti. Amabwera madzi akalowa m'kati mwa faibayo, ndipo limodzi likaboola mumatuluka timadzi ta fungo la viniga. Ochepa ang'onoang'ono amakonzeka, koma akadzaza mimba yonse ntchito yake ndi yaikulu. Tengani kahamala kakang'ono kapena chigwiriro cha sikuludiraiva muzigogoda pang'onopang'ono. Pamene pali polimba pamamveka go go, koma pamene faiba yalekana kapena thabwa la m'kati lanyowa pamamveka phu phu. Penti watsopano pa malo amodzi okha akutanthauza kuti mufunse chimene chinachitika pamenepo. Boti likakhala la aluminiyamu, yang'anani mizere yowotcherera ndi timisomali take. Ufa woyera ndi timaenje ting'onoting'ono zikusonyeza kuti chitsulo chayamba kudyeka. Likakhala la matabwa, lasani ndi nsonga ya mpeni m'makona ndi molumikizira. Mpeni ukalowa mosavuta, thabwalo latha.

Malo amene amagwetsa ogula ambiri ndi khoma la kumbuyo, pamene pamamangidwa injini. Kunja limaoneka faiba yolimba, koma m'kati mwake, pa maboti ambiri, muli thabwa. Madzi amalowera m'mabowo a mabawuti, thabwalo n'kumawola mwakachetechete zaka ndi zaka. Kwezani mwendo wa injini, muugwire ndi manja awiri, muukankhire pansi mwamphamvu mnzanu akuyang'ana khomalo. Likamagwedera, ming'alu ikamatseguka m'makona, kapena madzi abulauni akamatuluka m'mabawuti, botilo lisiyeni ngakhale atadula mtengo pakati. Khoma limeneli ndilo limalandira mphamvu yonse ya injini, ndipo likathyoka muli pamadzi injini imagwa, madzi n'kulowa nthawi yomweyo. Mukatha kuyeza khomalo, kwerani m'boti muyende paliponse opanda nsapato. Pamene pakufewa mukapondapo, dziwani kuti nthiti za boti zimene zili kunsi kwake nazo mwina zayamba kuwola.

M'kanyumba mphuno imathandiza kuposa maso. Tsekani chitseko mukhalemo kanthawi. Fungo la chinyezi ndi nkhungu likunena kuti mawindo kapena denga zimadontha. Tukulani makhushoni, tsegulani timakabati ndi zivundikiro zonse za pansi, muunike ndi tochi. Mzere wa matope kapena wa dzimbiri m'makoma a m'kati umasonyeza pamene madzi anafikapo, ndipo boti limene linamirapo silisiya kuvuta mawaya. Fungo la petulo ndiye loopsa koposa. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umatsikira kunsi kwa boti n'kukhazikika, ndipo kamoto kamodzi kothetheka pa batire ndi kokwanira kuphulitsa zonse. Onani thanki, onani mapaipi a mafuta ngati sanang'aluke, onani mawaya ngati sanangolumikizidwa ndi tepi. Yatsani magetsi onse, ndipo thirani ndowa ya madzi pansi muone ngati pampu ikuwatulutsa.

Tsopano injini, imene nthawi zambiri ndiyo imadya gawo lalikulu la mtengo. Apa musadzidalire nokha. Lipirani makaniko wodziwa injini za maboti, amene si mnzake wa wogulitsa, mupite naye. Ndalama ya tsiku lake limodzi ndi yochepa poyerekeza ndi imene angakupulumutsireni. Pemphani kuti injini isalizidwe inu musanafike, ndipo mukafika iikeni dzanja mumve ngati ili yozizira. Injini yotopa imalira msanga ikakhala yotentha kale, koma ikagona usiku wonse imaulula zonse. Isalizidwe pouma ngakhale kwa kanthawi kochepa. Ikhale m'madzi kapena ilumikizidwe ku paipi ya madzi. Ikalira, yang'anani timadzi timene timathovoka kumbuyo kwake. Tikamatuluka mofooka kapena modukizadukiza, kampira kopopa madzi oziziritsa, kaja amakaniko amati impela, katha kapena njira yake yatsekeka. Pa Luangwa nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa madzi ake ndi a mchenga, ndipo mchenga umadya kampirako msanga.

Makaniko achotse mapulagi ayeze kompuleshoni ya silinda iliyonse. Manambala ayenera kuyandikana. Imodzi ikatsalira ndi zoposa gawo limodzi mwa magawo 10, m'katimo muli vuto lodula. Amasule kabawuti ka pansi pa giyabokosi, oyilo adonthere pa chala. Wakuda pang'ono alibe mlandu, koma wotuwa ngati wathiridwa mkaka akunena kuti madzi akulowa, ndipo tizitsulo tonyezimira tikunena kuti magiya akudyana. Zungulizani pulopela ndi dzanja muone ngati shafiti sinapindike. Boti likakhala lochokera ku madzi a mchere, ku Durban, ku Beira kapena ku Dar es Salaam, yang'anitsitsani dzimbiri ndi mabawuti ogwirana, pakuti mchere umadya injini kuyambira m'kati. Maboti ena a kanyumba injini yake ili m'kati, yofanana ndi ya galimoto, mwendo wokha ndiwo uli kunja. Otere ali ndi mpira wopindikapindika polumikizira mwendowo, ndipo ukang'ambika boti limamira lili chimangire pa dooko. Dzifunseni kuti chitsulo cha injini yotere mudzachipeza kuti muli ku Sasare. Asodzi ambiri a m'maiko athu ano amakonda injini zazing'ono za Yamaha Enduro pa chifukwa chomveka: zipangizo zake zimapezeka, ndipo amakaniko ozidziwa ndi ambiri.

Zonsezi zikakhala bwino, boti lilowe m'madzi inu muli momwemo. Kuzungulira pafupi ndi gombe kwa mphindi 5 si kuyesa. Yendani ola lathunthu, mutakweza anthu kapena matumba a mchenga olemera mofanana ndi katundu amene mudzanyamule pa ntchito yeniyeni. Thamangitsani mpaka mapeto, muone ngati injini ikufika pamene opanga analemba, osatentha kapena kutsamwa. Khotani kumanja ndi kumanzere, lowetsani giya ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kangapo, zimitsani pakati pa madzi n'kulizanso. Musanayambe ulendo pukutani kunsi kuume, pobwera mutsegule muone madzi amene alowa. Boti likakwezedwanso pa ngolo masulani chotsekera cha kumbuyo. Madzi akatuluka ambiri, pali polowera pamene maso anu sanapaone.

Mapepala nawo ndi mbali ya boti. Dziko lino lili ndi lamulo la Inland Waters Shipping Act, Chapter 466, ndipo nthambi ya boma ya Maritime and Inland Waterways ndiyo imayeza ndi kulembetsa zombo. Ngati mukufuna kunyamula anthu olipira, kafunseni kumeneko musanagule, mudziwe zimene adzafune pa boti ndi pa woyendetsa. Yerekezani nambala yodindidwa pa injini ndi imene ili pa risiti. Kachitsulo ka nambala kakakhala kochotsedwa kapena kopalidwa musagule, chifukwa injini za maboti zimabedwa ndipo zimadutsa malire mosavuta. Boti lochokera kunja likhale ndi mapepala a Zambia Revenue Authority. Lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi manambala onse, nambala za zitupa za NRC za nonse awiri, ndi mboni. Chikole chotumiza pa foni kwa munthu amene simunamuone, pa boti limene simunaligwire, ndi ndalama yotaya.

Si chilema chilichonse chimene chiyenera kuthetsa malonda. Makhushoni ong'ambika, penti wosuluka, batire lakufa, impela, mapulagi ndi magetsi osayaka zimakonzeka, ndipo makaniko akuuzeni mtengo wake kuti muuchotse pa ndalama imene wogulitsa akufuna. Koma pali zinayi zimene zilibe kukambirana: khoma la kumbuyo lowola, pansi pofewa, injini ya kompuleshoni yosiyana, ndi nambala yofufutidwa. Kukonza chimodzi mwa zitatu zoyambazo kungadye ndalama yoposa imene mwagulira botilo, ndipo mungafunike kulikokeranso kutali kumene munalitenga. Chachinayicho chingakufikitseni ku polisi.

Palinso mtengo umene wogulitsa satchula. Injini ya petulo ya mahosipawa 150 ikamathamanga ndi mphamvu zonse imamwa malita oposa 50 pa ola limodzi. Ya mahosipawa 40 imamwa osafika theka la amenewo. Werengani ndi mtengo wa petulo wa lero, muwonjezere ulendo wokamutenga m'zigubu ku Petauke kapena ku Nyimba, kenaka mudzifunse kuti wokwera mmodzi adzalipira zingati. Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino. Amene akudalira kunyamula nsomba awerengere miyezi itatu yopanda katundu ameneyo, pa nthawi yomwe mtsinje uli ndi madzi oyendamo. Ngolo yokokera boti nayo iyang'anidwe bwino, makamaka matayala ong'aluka ndi dzuwa, mabelingi amene akhala akumizidwa m'madzi, ndi dzimbiri la kunsi. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Petauke ndi makilomita pafupifupi 400, pakati pake pali zitunda ndi makona a ku Luangwa Bridge, ndipo tala akatha pali msewu wafumbi wotsikira kuchigwa. Galimoto imene idzakoke botilo mpaka pa gombe muli nayo?

Ndikulemba motalika chonchi chifukwa tikudziwa chimene madzi amachita zinthu zikalakwika. Pa 24 October 2014, tsiku limene Zambia inkakondwerera zaka 50 za ufulu, anthu 26, ambiri a iwo ana a sukulu, anamira pa nyanja ya Kariba m'boma la Gwembe, boti limene anakwera popita ku chikondwerero litagubuduzika. Mu May 2023, kwa anansi athu ku Nsanje, mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa mtsinje wa Shire, ndipo mabanja ambiri anagona pa maliro. Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje yokhala ndi mvuu zambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo ng'ona nazo sizisowa. Munthu wogwera m'madzi amenewa alibe nthawi yochuluka. Choncho pa ndalama imene mwasunga patulani kaye ya majekete oyandamitsa okwanira munthu aliyense, kuphatikizapo ang'onoang'ono a ana, nkhafi ziwiri, nangula ndi chingwe chake, chozimitsira moto ndi ndowa yokapira madzi. Maboti ambiri a ku fakitale ali ndi kachitsulo kolembedwa chiwerengero cha anthu ndi kukula kwa injini imene angalandire. Nambala imeneyo isasinthe chifukwa kutsidya kuli maliro, kapena chifukwa dzuwa likulowa ndipo otsala pa gombe akudandaula.

Sindikuletsa aliyense kugula boti. Abale athu a kutsidya kwa Luangwa amafunika njira yofikira kuchipatala, kumsika ndi kusukulu nthawi ya dzinja, ndipo mwana wa kuno amene angaike ndalama yake pa ntchito imeneyi ndi woyenera ulemu. Mafumu athu, makhansala ndi magulu a alimi amene akuganiza zogula boti ndi ndalama za chitukuko za CDF kapena zosonkha, nawonso atsate njira yomweyi, ndipo afune lipoti la makaniko lolembedwa asanasaine chilichonse. Kwa inu nonse pempho langa ndi limodzi. Yambani kwa opalasa mabwato, pitani ndi makaniko, onani boti pamtunda, liyeseni pamadzi litasenza katundu, werengani mapepala, ndipo ndalama ituluke pomaliza. Wogulitsa akamakufulumizitsani, musiyeni agulitse kwa wina. Maboti ogulitsa adzapezekabe mwezi wamawa.